Matuza a mwana wanga achokera ku ng'ombe?

Funso: Mwana wanga wa zaka 3 watuluka timatuza m'kamwa, m'zikhatho ndi kuphazi, ndipo akukana phala. Sabata yatha tinali kumudzi ku Ekwendeni komwe ng'ombe ya apongozi ikuchucha dovu komanso kutsimphina. Kodi watengera kumeneko? — Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Awa ndi matenda awiri osiyana. Matuza otere kwa ana amayamba kawirikawiri ndi kachilombo ka coxsackie, kamene ana amapatsirana okhaokha kudzera m'malovu ndi m'chimbudzi, ndipo amatha okha pa masiku 7 mpaka 10. Musawaphulitse. Mpatseni madzi pafupipafupi ndi phala lozizira. Akasiya kumwa, akafooka, kapena kutentha thupi kukapitirira masiku 3, thamangirani kuchipatala.

Koma ine nkhawa yanga ili pa ng'ombeyo. Dovu ndi kutsimphina zimaloza ku matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Kachilombo kake anakatulukira asayansi Friedrich Loeffler ndi Paul Frosch ku Germany mu 1898, ndipo kali ndi mitundu 7, n'chifukwa chake katemera wa mtundu umodzi sateteza ku inayo. Matuza a palilime la ng'ombe amaphulika msanga n'kusiya chilonda chofiira, ndipo madzi akewo amadzaza tizilombo. Munthu sadwala nawo kawirikawiri, koma amawanyamula pa nsapato ndi zovala kupita kukhola lina.

Auzeni apongozi aipatule ng'ombeyo, asaigulitse kapena kuipititsa kudibi, mkaka aziwiritsa, ndipo aitane alangizi a ziweto lero lomwe.