Funsani Aphunzitsi: Kodi "quarrel" ndi "argue" si chimodzimodzi?

FUNSO: Aphunzitsi, polemba chimangirizo cha Chingerezi chokhudza mtsutso wa kusukulu kwathu ndinati "we quarrelled with the Form Fours". Aphunzitsi athu anakhwatcha "quarrelled" ndi cholembera chofiira n'kulembapo "argued". Kodi zonsezi si kukangana? Nanga liwu la "quarrel" linachokera kuti? Ndine wophunzira wa Fomu 3, ku Dedza.

YANKHO: Mwanangu, aphunzitsi akowo sanakulakwire. Akanalisiya liwulo, wowerenga akanaganiza kuti inu ndi a Fomu 4 munalozana zala mpaka kuleka kupatsana moni.

Gwero lake ndi lomwe likuthandize kumvetsa. M'Chilatini munali mneni woti "queri", kutanthauza kudandaula, ndipo dandaulolo ankalitcha "querela". Afalansa akale analitenga n'kumati "querele". Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha kunyumba yachifumu ndi cha kubwalo la milandu, ndipo mawu ake ambiri analowerera m'Chingerezi. Pofika m'zaka za m'ma 1300, Angerezi anali atalitola liwuli. Abale athu a ku Mozambique amalipezanso m'Chipwitikizi, momwe "querela" ndi dandaulo lokatula kukhoti.

Choncho mkati mwa "quarrel" muli munthu amene akuona kuti walakwiridwa. Mtima wamuwawa. Ndikaliona liwuli ndimakumbukira malemu bambo anga ndi mng'ono wawo. Anayambana chifukwa cha mizere itatu yokha ya m'malire a munda, pomwe panali mtengo wa mango. Dzinja linadutsa kawiri osalankhulana. Pamaliro wina ankakhala uku, wina uko, ife ana n'kumasowa kuti nsima tikadyere khonde liti. Imeneyo ndiyo "quarrel". Imachitika kawirikawiri pakati pa anthu odziwana, abale, okwatirana, oyandikana nyumba, ndipo imasiya bala.

"Argue" nayo ndi ya Chilatini, koma kholo lake ndi "arguere", kumveketsa chinthu kapena kuonetsa umboni wake. Mu "argument" muli mfundo. Maloya awiri akhoza kutsutsana kukhoti m'mawa wonse, masana n'kukamwera limodzi tiyi. N'zimene munachita inu pamtsutso paja. Zoona, Mngerezi amathanso kunena "they had an argument" anthu akapsetsana mtima, ndiye "argue" imalowa konsekonse. Koma "quarrel" silowa pomwe palibe mkwiyo.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ana ambiri amathamangira liwu limodzi la kukangana, pomwe chinenero chathu chinasiyanitsa kale zinthuzi. Tili ndi kutsutsana, kusiyana maganizo, kusemphana Chichewa, kuyambana, kenako ndewu. Uziyamba wadzifunsa kuti chachitikacho agogo ako angachitche chiyani. Ngati ndi kuyambana, lemba "quarrel". Ngati ndi kutsutsana, lemba "argue" kapena "debate".

Tanthauzo lakale la dandaulo lidakalipo ndithu. Munthu akakuuza kuti "I have no quarrel with you", akunena kuti alibe nawe chifukwa.

Polemba, munthu amene wayambana naye amatsogoleredwa ndi "with", chomwe mwayambanira ndi "over" kapena "about": "He quarrelled with his brother over the land." Ma L awiriwo ndi kalembedwe ka ku Britain, komwe timatsata m'masukulu mwathu. Aamerika amalemba L mmodzi, ndiye usadabwe ukaona "quarreled" pa intaneti. Pamayeso a MSCE iwe lemba awiri.