Kwa azakhali, pa za akuba ku Chibavi

Eee azakhali, ndamva uthenga wanu uja. Mukufunsa kuti bwanji apolisi akulimbikira misonkhano ya chitetezo cha m'madera m'malo mongogwira akubawo basi. Imani ndikuuzeni.

Kugwira wakuba si kungomuloza chala. A CID, apolisi ofufuza milandu aja, amafuna umboni woti ukaime m'khoti. Munthu akamangidwa, malamulo amati akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, apo ayi amutulutse, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndiye mukamuona mnyamatayo ali pamsika mkucha wake, musafulumire kunena kuti apolisi adya. Milandu yambiri timaipha ndife tomwe. M'nyumba mwathyoledwa, kukacha anthu adzadza kudzapepesa, wina wagwira zenera, wina watenga tsache wasesa mapazi onse. Zidindo za zala zapita pamenepo. Tsiku la mlandu mboni osabwera. Woweruza atani?

N'chifukwa chake kupewa kumatchipa. Olondera akhale anayi kapena asanu, tochi ndi wezulo m'manja, ndipo asamadutse njira imodzimodzi pa ola lomwelo, akuba amawerenga zimenezo. Makamaka usiku wa mvula, mukuidziwa mvula ya kuno ku Mzuzu, ikamalira pamalata munthu athyola chitseko inu osamva kanthu. Babu la panja liziyaka, tchire la kuseri kwa mpanda litchetchedwe. Akamugwira munthu, asamumenye chonde. Aimbe 997 kapena apite naye kupolisi. Mukamumenya n'kufa, wogona m'chitolokosi ndinu.

Komano kulondera kokha sikuthetsa nkhani. Mukatseka ku Chibavi, akubawo angosamukira ku Chiputula kapena ku Zolozolo. Amene amawasunga ndi ogula katundu wakuba, ndipo awo amagwidwa ndi kafukufuku. Apa ndi pomwe ziwirizi zimakumana: wa CID amayambira pa zomwe inu mwasunga komanso zomwe olondera aona, monga nthawi, zovala, komwe munthu analowera.

Ndiye chitani izi. Pa foni iliyonse m'nyumbamo dinani *#06#, ituluka nambala yozindikirira foniyo yotchedwa IMEI, manambala 15, mulembe m'kope. Ma risiti musataye. TV ija muitembenuze, kumbuyo kuli kapepala ka serial number, mukajambule lero lomwe n'kutumiza pa gulu pano kuti chithunzicho chisasowe.