Za ma prospect day a lacrosse

Mwafunsa ngati mwana wanu wa giredi 10 ku Maryland, ku America, yemwe amasewera lacrosse (masewera oponyerana kampira ndi ndodo yokhala ndi kaukonde kumapeto), azipita ku prospect day (tsiku lomwe koleji imaitana ana kuti akasewere pamaso pa makochi ake) iliyonse yomwe akumuitanira pa imelo. Ayi ndithu achimwene, mungotha ndalama. Maimelo amenewo makoleji amangomwaza kwa ana ambirimbiri, kulandira sikutanthauza kuti kochi wamuona kale. Komanso lamulo la 2017 la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, limaletsa makochi a Division I (gawo lapamwamba la masewerawo) kukamba zomutenga mpaka September ali giredi 11, ndiye akasewera bwinobwino koma sakamulonjeza kanthu. Sankhani masukulu ochepa omwe amakhoza mokwanira kulowako, ndipo atumiziretu kochi kavidiyo kake asanapite. Division III, gawo lachitatu la NCAA, musaipeputse, sikolashipu ya masewera kulibe koma makochi ake amamasuka kuyankhula naye msanga.