Yankho kwa msuweni pa nkhani ya ufa wa mapuloteni

Msuweni, uthenga wanu ndaumva, ndipo ndayankha pamawu chifukwa zala zanga sizingakwanitse kulemba zonsezi. Mwafunsa kuti ndi ufa uti wa mapuloteni umene uli wabwino kwa mnyamata wa zaka 16 amene akufuna kukula minofu kuti alowe timu. Komatu ine ndimakudziwani. Chiyambire muli wamng'ono simufunsa chinthu molunjika, mumayamba mwazungulira nyumba yonse kenako n'kudzalowera khomo lakuseri. Munthu wongofuna dzina la ufa sawonjezera kumapeto kuti mwana wadzadza ziphuphu kumsana ndipo masiku ano sachedwa kupsa mtima.

Za ufawo ndinena mwachidule. Wambiri umapangidwa kuchokera ku mkaka, ndipo mwana amene akudya mokwanira n'kumagona bwino saufunikira kwenikweni. Chodetsa nkhawa n'chakuti zolembedwa pachitini nthawi zina sizinena zonse. Akatswiri a ku Cologne, m'dziko la Germany, atayeza mitundu 634 ya zinthu zoterezi, anapeza kuti 94 zinali ndi mahomoni amene sanatchulidwe pachitinipo.

Eee, dikirani kaye, ndikufuna ndikukumbutseni za amalume aang'ono. Mukukumbukira nthawi ija anayamba kunyamula zitsulo, itangotha nkhani ya agogo ija? Inu munali woyamba kuwachemerera, musakane, mpaka munkawapempha kuti akunyamuleni ndi dzanja limodzi. Pa miyezi yochepa mapewa anatambasuka moti malaya onse anawathina, ndipo tonse tinkati ndi khama. Khama linalipo, ndisawalakwire, koma panalinso timapiritsi ta masiteroidi, mankhwala okulitsa minofu, timene mnzawo wa ku jimu ankawapatsa, ndipo pambuyo pake kunabwera jakisoni. Munthu amene ankatiseketsa uja anasanduka wina. Tsiku la mkangano wa pageti lija, amayi anu analira, ndipo palibe anadziwa chimene chinawalowa mumtima. Kenako mtsempha wa pamkono unaduka akunyamula chitsulo, poti mankhwalawa amakulitsa mnofu mofulumira kuposa mmene mitsempha yogwira mnofuwo ingalimbire. Atasiya, ayi, ndinene kuti atakakamizika kusiya, anakhala nthawi yaitali ali khuma, osafuna kutuluka ngakhale kucheza ndi munthu. Chimene sankafuna kuti tidziwe n'chakuti mawere anali atawatupa, n'chifukwa chake sankavulanso malaya pamaso pa anthu. Iwo eni anandiuza zimenezi patapita zaka, ndipo anati ndikhoza kuchenjeza nazo ana.

Tsono amalume anali atakula kale, pamene wathuyu mafupa ake sanamalize. Masiteroidi ndi mahomoni ochita kupanga otsanzira testosterone, homoni yachimuna, ndipo mwa wachinyamata amatha kutseka msanga malo amene mafupa amatalikira, mwana n'kukhala wamfupi moyo wake wonse. Thupi likaona kuti homoni ikubwera kuchokera kunja limasiya kupanga yake, mbewu ya abambo imachepa, ndipo akasiya mwadzidzidzi m'pamene kukhumudwa kuja kumabwera mwamphamvu. Amavulazanso chiwindi, makamaka a mapiritsi, amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa mtima, ndipo akamabwerekana majakisoni pali HIV ndi matenda a chiwindi. Ngati cholinga ndi masewera, muuzeni za Ben Johnson, amene anapambana mpikisano wa mamita 100 ku Seoul mu 1988 pa masekondi 9.79, koma analandidwa mendulo ya golide atapezeka ndi steroidi yotchedwa stanozolol. Masiku ano malamulo a bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pamasewera, amati chilichonse chopezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, ngakhale unene kuti sunadziwe, ndipo chiletso chimatha kufika zaka zinayi.

Chimene ndikuganiza ndi ichi, msuweni: mwaona kanthu m'chikwama mwake, kabotolo kapena mapiritsi, ndipo mukuopa kutchula. Sindikunena kuti akumwadi, popeza ziphuphu ndi ukali n'zachizolowezi pa msinkhu umenewu. Koma musagule ufa kuti nkhani ithere pamenepo. Khalani naye pansi awiriwiri, popanda kukalipa, mumufunse chimene akumwa ndiponso amene akumupatsa, kenako mupite naye kwa dokotala mutatenga chinthucho m'paketi yake.

Ndibwereze, poti inu mumamva theka la uthenga n'kuyamba kuyankha: kucheza naye kaye modekha, kenako dokotala, ndipo ngati wakhala akugwiritsa ntchito kwa nthawi, asasiye yekha popanda womuyang'anira. Bambo ake musawauze ali ndi mkwiyo, mukudziwa chifukwa chake. Ndipo ngati mnyamatayo sangamasuke kwa inu, mutumizeni kwa amalume, sangakane kulankhula naye, koma kwa dokotala apitebe sabata ino.