Makina odulira udzu a komiti yosamalira nkhalango akuzima akangopatsidwa moto

Funso: Ine ndine mlembi wa komiti imene khonsolo ya tauni yathu inaikhazikitsa kuti iziyang'anira nkhalango ndi malo amene anasiyidwa dala kuti pasamangidwe nyumba. Chaka chilichonse timalambula njira zoletsa moto kuzungulira nkhalangoyo, ndiponso timadula mitengo yogwera pa tinjira ta anthu oyenda pansi. Makina athu odulira udzu, a Stihl, amalira bwinobwino tikakoka chingwe, koma tikangowapatsa moto amafooka, amamveka ngati atsamwa, kenaka n'kuzima. Membala wina akuti tigule kabuleta yotsika mtengo ya pa intaneti, ndipo wina akuti tichotse kasefa ka mu ekizozi chifukwa kalibe ntchito. Tichite chiyani? Komanso, kodi oyilo wakutha wa m'galimoto tingamuthire mu chainsaw yathu kuti azifewetsa tcheni?

Yankho: Mayi mlembi, kabuleta musagule ayi. Makina a makomiti ngati yanuyi ndawatsegula ochuluka zedi, ndipo akamalira bwino asanapatsidwe moto n'kumatsamwa akapatsidwa, nthawi zambiri vuto limakhala pa kasefa komweko kamene membala wanu akufuna kukataya. Kameneka ndi kawaya kolukidwa ngati ukonde kamene kamakhala potulukira utsi, ndipo m'buku la makinawo amakatchula kuti spark arrestor. Injini yaing'ono ya mtundu wa two-stroke imawotcha petulo pamodzi ndi oyilo, choncho utsi wake umasiya mwaye, ndipo mwayewo ukatseka timabowo ta kasefako utsi umasowa potulukira. Injini ikamalira pang'onopang'ono utsi umakhala wochepa ndipo umadzikakamiza kupyola, koma mukawonjezera moto umadzadzana m'silinda n'kutsekereza mpweya ndi mafuta atsopano kuti asalowe. Kutsamwa kumene mukumvako n'kumeneko.

Dikirani makinawo azizire, kenaka yang'anani pa kamwa ka ekizozi. Pa makina ena kasefako kamagwidwa ndi sikuluu imodzi kapena ziwiri, pa ena kali m'kati mwa kachitsulo kobulungira kamene mumakamasula ndi sipanala. Mukakatulutsa, kayang'anitseni kumene kukuchokera kuwala. Kasefa kabwino kamaonetsa kuwala pa bowo lililonse, pamene kotsekeka kamaoneka ngati kachikopa kakuda, nthawi zina konyowa ndi oyilo amene amamata zala ngati phula. Ndinalandirapo makina amene eni ake anali atasintha kale kabuleta kawiri ndi pulagi katatu, ndipo nditakanda kasefa kake ndi nsonga ya mpeni mwaye unathothoka m'magawo ngati makala, waya wake osaoneka n'komwe. Ngati mukufuna umboni musanakatsuke, tengerani makinawo pa simenti kapena pa dothi lopanda udzu, muwalize kwa mphindi imodzi yokha kasefako katachotsedwa. Akangothamanga mwamphamvu monga ankachitira ali atsopano, mwapeza nthenda yake.

Potsuka, yambani ndi burashi ya waya. Mwaye ukakhala wouma kwambiri, gwirani kasefako ndi pulayasi, mukawotche ndi moto wa gasi mpaka kafiire, kutali ndithu ndi makinawo komanso chigubu cha petulo, kenaka mukakasiya kuti kazizire mwayewo umasanduka phulusa losavuta kupukuta. Musakulitse timabowo ndi msomali, ndipo mukapeza kuti waya wang'ambika kapena wapsa mpaka kuboola, gulani kasefa kena kolingana ndi nambala ya makina anu. Ine ndimakonda kuti eni makina aziyang'ana kameneka nthawi iliyonse akamatsuka sefa ya mpweya, chifukwa ntchito yonseyi siitenga nthawi yopitirira mphindi 10.

Tsopano mawu anga kwa membala amene akuti kasefako kalibe ntchito. N'zoona kuti makina amathamanga popanda iko, ndipo n'chifukwa chake amisiri aulesi amakataya n'kunena kuti akonza. Koma mwaye wa m'kati mwa ekizozi umathothoka uli moto ndipo umatuluka ngati mbaliwali, ndipo chimene chimaugwira kuti usagwere pansi ndi kawaya kameneko. Inu mumagwira ntchito pakati pa udzu wouma ndi masamba ofota, m'mphepete mwenimweni mwa nkhalango imene tauni inakupatsani kuti muiteteze. Mbaliwali imodzi ikagwera m'zinyalala imatha kunyeka mwakachetechete, n'kudzayaka anthu atanyamula kale zipangizo kupita kwawo. Zimandiwawa kwambiri kuona makina ogulidwa kuti aletse moto wolusa akubwera kwa ine alibe chotchingira moto, ndipo m'maiko ena, monga m'nkhalango za boma ku United States, malamulo salola makina otere kugwira ntchito opanda kasefa kameneka. Kabwezeretseni pamalo pake musanalowenso m'thengo.

Kasefako mukakatsuka koma osasintha kasamalidwe ka makinawo, kadzatsekekanso posachedwa. Makina a gulu amakhala ndi manja ambiri, ndipo aliyense amasakaniza mafuta mwa nzeru zake. Makampani opanga makinawa, Stihl ndi Husqvarna, amalamula muyeso wa 50:1 ndi oyilo wawo wa two-stroke, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, kapena mamililita 20 pa lita imodzi. Ambiri amangothira ndi maso, n'kuwonjezera pang'ono poganiza kuti akukomera injini mtima, pamene oyilo wopitirira muyesoyo ndiye amasanduka mwaye. Choipa koposa ndi oyilo wotsika mtengo wa m'mabotolo osadziwika kochokera, amene sapsa bwino ndipo amasiya phula ponseponse, kuyambira pa pulagi mpaka pa maring'i a pisitoni. Sankhani munthu mmodzi yekha m'komiti woti azisakaniza mafuta, akhale ndi kabotolo koyezera, ndipo azilemba tsiku pa chigubu. Auzeninso odula udzu kuti makina amenewa anapangidwa kuti azidula atapatsidwa moto wonse. Kuwayendetsa tsiku lathunthu pa moto wa theka, kapena kuchotsa chotchingira cha kumutu kuti chingwe chodulira chizitalika, kumatsitsa liwiro la injini n'kuchulukitsa mwaye womwewo.

Poti mwafika kale pa ekizozi, masulani yonse ndipo muwalitse tochi pa bowo lolowera m'silinda uku mukukoka chingwe pang'onopang'ono. Pisitoni yabwino imakhala yosalala ndi yonyezimira. Mukaona mizere yokandika yochokera m'mwamba kutsika m'munsi, ndiye kuti wina anathirapo petulo wopanda oyilo kapena injini inatentha mopitirira, ndipo pamenepo nkhani yasintha, pakufunika pisitoni ndi silinda.

Ngati kasefako mwakapeza koyera, zotsalazo n'zodziwika. Tayani mafuta akale, chifukwa osakaniza sayenera kukhala kupitirira masiku 30, makamaka petulo wokhala ndi ethanol amene amakoka chinyezi. Kokani kasefa ka mafuta m'thanki ndi kawaya kopinda, mukasinthe. Mpata wa pulagi ukhale mamilimita 0.5, ndipo nsonga yake izioneka yofiirira pang'ono. Makina akamazima pakapita mphindi zingapo, n'kumalira bwino mukamasula chitsekero cha thanki n'kuchimanganso, ndiye kuti popumira pa thanki patsekeka. Zonsezi zikalephera ndi pamene timatsegula kabuleta, ndipo kawirikawiri chimene chimafunika ndi timalabala topyapyala ta m'kati timene timauma makina akagonekedwa miyezi yambiri ali ndi mafuta. Timeneti timagulitsidwa patokha pamodzi ndi magasiketi ake, ndipo nambala yoti mufunse inalembedwa pa thupi la kabuletayo, imene pa makina ambiri imakhala yopangidwa ndi kampani ya Zama kapena Walbro.

Kabuleta zopanda dzina za pa intaneti ndatopa nazo. Zimafanana ndi zenizeni kunja kokha, koma timabowo ta m'kati sitikhala pa muyeso, choncho mumapotokola masikuluu a L ndi H, osinthira kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini, tsiku lonse osapeza pabwino. Munthu akatopa amamanga H mopitirira chifukwa injini imalira mokweza ngati yachira, osadziwa kuti wachepetsa mafuta pamodzi ndi oyilo amene amateteza pisitoni, ndipo posakhalitsa pisitoni imakanirira m'silinda, injini n'kuwonongeka. Masikuluu amenewo asawakhudze munthu amene alibe chida choyezera liwiro la injini.

Za oyilo wakutha wa m'galimoto, yankho ndi lakuti ayi. Oyilo weniweni wa tcheni ali ndi mankhwala omuchititsa kumatirira pa chitsulo, pamene wakuthayo ndi wopyapyala, amauluka pa nsonga tcheni isanazungulire n'komwe, ndipo tizitsulo timene ali nato timadya pampu ya oyilo. Kumbukiraninso kuti oyilo aliyense amene mwathira mu chainsaw amathera pa nthaka, pa makungwa ndi m'timitsinje ta m'nkhalango yanu, pamodzi ndi zoipa zonse zimene anatola mu injini ya galimoto. Pa malo otetezedwa gwiritsani ntchito oyilo wa tcheni wopangidwa kuchokera ku zomera, amene amawolerana m'dothi. Vuto lake ndi limodzi, amauma n'kumata pampu ndi tcheni makina akakhalitsa osagwira ntchito, choncho nyengo yodula ikatha mukhuthule thanki yake, muthiremo oyilo wamba wa tcheni pang'ono, muilize chainsaw kwa kanthawi kochepa kuti alowe mu pampu, kenaka muigoneke pouma tcheni ili yomasula.