Nkhama zikutuluka magazi, kodi ndi shuga yemweyu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wakhala ndi matenda a shuga kwa zaka 6. Akuti akamatsuka mano mswachi umatuluka wofiira, dzino limodzi lam'munsi layamba kugwedera, ndiye tsiku lokayezetsa shuga adokotala anawafunsa kuti kwa dokotala wa mano anapitako liti komaliza. Funso lawo ndi loti, “Shuga ndi mano zikugwirizana pati? Kapena adokotalawo amangocheza nane?”

Mayi, sikunali kucheza kumene kuja ayi. Chiseyeye ndi shuga zimadyetsana.

Tiyambire mkamwamo. Tizakudya totsalira timapanga kautoto kam'mbali mwa mano komwe mabakiteriya amaswanamo, ndipo kakakhalitsa kamauma n'kukhala ngati mwala woti mswachi sungachotse olo mutakwecha bwanji. Thupi likaona adaniwa limatumiza asilikali ake, nkhama n'kufiira, kutupa, kumatuluka magazi. Pamenepa zinthu zimabwereranso mwakale mukasamala. Koma nkhondoyo ikatenga zaka, nkhama zimayamba kulekana ndi dzino, pakati pamakumbika kathumba, kabwinobwino kamakhala mamilimita 1 mpaka 3 koma apa kamafika 5, 6 kaya kupitirira, ndipo fupa logwira dzino limadyeka. Chodabwitsa n'choti amene amagumula kwambiri fupalo ndi asilikali athu omwe, osati mabakiteriya okha. Kugwedera mukunenako kumachokera pamenepo, ndipo fupa likapita silibwerera lokha.

Nanga shuga akulowa pati? Akakhala wokwera nthawi yaitali, maselo oyera a magazi amafooka, timitsempha ting'onoting'ono timawonongeka, zilonda zimachedwa kupola, malovu nawonso amachepa moti mkamwa mumangouma. Shugayo amamatiriranso ku mapuloteni a m'thupi n'kupangitsa kutupa kuja kukhala kolusa kuposa muyezo. N'chifukwa chake munthu wa shuga amadwala chiseyeye choopsa mwina kawiri kapena katatu kuposa amene alibe. Mu 1993 katswiri wa mano Harald Löe anachita kuchitcha vuto lachisanu ndi chimodzi la matenda a shuga, pambali pa aja timawadziwa a maso, impso, mitsempha ndi ena.

Mbali imene anthu ambiri saidziwa ndi yobwerera iyi. Timatumba tija mkati mwake ndi zilonda zosapola, mukaphatikiza mano onse ndi bala lalikulu ndithu, kungoti lili pobisika ndipo nthawi zambiri silipweteka n'komwe, likanakhala pamwendo bwenzi mutathamangira kuchipatala kalekale eti. Kudzera pabalapo mabakiteriya amalowa m'magazi mukamatafuna, komanso timankhwala toyambitsa kutupa monga TNF-alpha ndi IL-6 timayenda thupi lonse, ndiye timeneti timachititsa maselo kusamvera insulini, yomwe ntchito yake ndi kutsitsa shuga m'magazi. Mankhwala mukumwa, zakudya mukusala, koma shuga osatsika bwinobwino.

Ofufuza a bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2022 anaphatikiza kafukufuku wambiri n'kupeza kuti kuchapa mano mozama mpaka pansi pa nkhama kumatsitsa HbA1c, muyezo uja woonetsa mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu, ndi pafupifupi 0.4 peresenti pakatha miyezi 3 kapena 4. Zikumveka zochepa koma kwa ine si zamasewera, poti simunawonjezere piritsi lililonse. Osanamizana, sikuchiza shuga, mankhwala anu musasiye.

Ndiye pitani kwa dokotala wa mano musanadikire ululu, muwauze kuti muli ndi shuga komanso mankhwala amene mukumwa, ndipo ngati mumabaya insulini musapiteko ndi njala poopa kuti shuga angatsikitse muli pampando. Magazi asakuopsezeni n'kusiya kutsuka pamalopo, ambiri amalakwitsa pomwepa, tsukani kawiri patsiku ndi mswachi wofewa, pakati pa mano muzipitsapo kaulusi kochotsera zotsalira m'mano kaja. Ngati pakhomo pali wosuta fodya muwauzeko kuti fodya amafinya timitsempha ta nkhama moti magazi satuluka, munthu kumadziona ngati ali bwino pomwe fupa likutha. Dzino logwederalo musamaligwedeze ndi lilime, dokotala wa mano akalijambula ndi pomwe adziwe ngati lingapulumuke.