Kodi ndingasende bwanji makungwa a mankhwala popanda kupha mtengo?

FUNSO: Akonzi, ntchito ya zitsamba ndinaiphunzira kwa agogo anga ndipo ndi imene ikudyetsa banja langa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mitengo ya muwawani imene tinkasenda kuseri kwa mudzi yauma pafupifupi yonse, gondolosi naye sakupezekanso m'makwawa momwe tinkamukumba, pomwe ogula kumsika akufuna katundu wambiri. Kodi ndingoisiya ntchitoyi? Mayi wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mayi, ntchitoyo musaisiye, koma musinthe katengedwe ka mankhwalawo, chifukwa chimene chikupha mitengoyo ndi mbali ya mtengo imene ikutengedwa komanso kuchuluka kwake. Masamba ndi zipatso, monga za mvunguti, mtengo umabwezeretsa chaka ndi chaka, koma khungwa ndi muzu ndiwo moyo wa mtengo weniweniwo.

Mkati mwa khungwa, pamene pamaterera mukangosenda kumene, ndi modutsa chakudya chimene masamba apanga popita ku mizu. Munthu akasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, njira imeneyi imaduka, ndipo ngakhale mtengowo uoneke wobiriwira kwa miyezi ingapo, mizu yake imakhala ikufa ndi njala pansipo. N'chifukwa chake ambiri amadabwa kuti muwawani wauma chaka chotsatira, osadziwa kuti anaupha kale ndi chikwanje tsiku limene anausenda.

Mwina agogo anu anakuuzani kuti khungwa la mankhwala amatenga cha kum'mawa ndi cha kumadzulo kokha, ndiponso kuti mtengo umene wina wasenda kale sasendanso. Anthu ena amaona ngati zimenezi ndi zikhulupiriro chabe, koma ine ndikuona kuti makolo anali ndi nzeru zakuya, pakuti mwambowu unkasiya mbali ziwiri za thunthu zili zamoyo. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Cameroon ndi mtengo wa Prunus africana, umene makungwa ake amapita ku Ulaya kukapangira mankhwala a abambo achikulire ovutika pokodza. Mitengoyi itayamba kutha, malonda ake anaikidwa pansi pa pangano la CITES, limene mayiko anagwirizana pofuna kuyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pachiopsezo cha kutha, mu 1995, ndipo lamulo la kasendedwe kumeneko ndi lakuti wosenda agawe thunthu panayi, atenge mbali ziwiri zoyang'anizana, kenako adikire zaka zingapo asanabwerereko.

Choncho sankhani mtengo wokhwima, lembani kamzere kopapatiza kotsika ndi thunthu pogwiritsa ntchito mpeni wakuthwa, ndipo musapale mpaka kufika pamtengo wolimba wamkati, chifukwa kagawo koterera kaja ndi kamene kamameretsa khungwa latsopano kuchokera m'mphepete mwa bala. Ngati mtengowo uli ndi nthambi zambiri, kudula nthambi imodzi n'kusenda imeneyo n'kwabwino kuposa kuvulaza thunthu. Musabwerere pamtengo womwewo bala lisanatsekeke, pakuti bala lotseguka limaitana chiswe ndi tizilombo toboola mitengo, ndipo moto wolusa ukadutsa m'chilimwe umayambira pomwepo.

Pa mizu, monga ya bwazi, fukulani mbali imodzi yokha patali pang'ono ndi tsinde, dulani muzu umodzi kapena iwiri ya m'mbali, muzu waukulu wolowa pansi muusiye, ndipo dzenjelo mulikwirire nthawi yomweyo.

Nkhani ya gondolosi ndi yovutirapo, ndipo apa ndilankhule mosabisa: kuthengo kokha sikungakwanitse zimene misika ya m'tauni ikufuna, ngakhale aliyense atakumba mosamala. Chimene anthu amagula ndi muzu, ndipo okumba mothamangira ndalama amazula chomera chonse chisanabereke n'komwe. Mwayi ulipo chifukwa gondolosi amamera bwino kuchokera ku njere zake, zija zokhala ndi ubweya ngati thonje. Fesani njerezo m'machubu, ndipo mbande zikakula muziwokere m'nyengo yadzinja pansi pa mtengo wina kumunda kapena kudimba, popeza chomerachi n'choyanga ndipo chimafuna pokwera ndi kamthunzi. Muwawani nawo umadzalika ndi njere za m'nyemba zake zazitali zolendewera zija. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo alangizi a zankhalango m'boma lanu angakuthandizeni pa kasamalidwe ka nazale. Akatswiri a zomera a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba amathandizanso kuzindikira mitundu ya zomera.

Dziwaninso kuti lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, silikulola kutenga makungwa kapena mizu m'nkhalango yotetezedwa ndi boma, monga ya Dzonzi kwanuko, popanda chilolezo cha Nthambi ya Zankhalango. Pa nkhalango ya mudzi, kambiranani ndi amfumu pamodzi ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe, kuti mugwirizane dera lotengako chaka chino ndi lopumitsa, chifukwa kusamala kwa inu nokha sikungapulumutse mtengo ngati mawa lake wina abwera ndi nkhwangwa ndi matumba. Zimene mwatengazo muziyanike pathandala, pamthunzi podutsa mphepo, kuti zisachite chuku n'kukukakamizani kubwereranso kuthengo msanga.